Vayolini ya Mpando Wakumbuyo

Kuwailesi palibe ankamuitana ndi dzina limene makolo ake anamupatsa. Onse ankangoti Makutu, chifukwa mahedifoni sankachoka pamutu pake, ndipo waya ukayamba kuvuta iye ankaumva anzake onse akulumbira kuti zonse zili bwino. Koma panali mawu amodzi amene makutu akuthwawo anali asanawamvebe. Chaka chinali chitatha akupita kwawo kwa bwenzi lake, kukhala pampando wa alendo miyendo ili pamodzi, kudikira kuti bambo a mtsikanayo anene kuti, "Ndalola, kwatiranani." Mdalayo ankangotsokomola n'kuyang'ana pawindo.

Mtsikanayo kwawo ankamuitana Mzime, poti ndiye anali womaliza kubadwa. Ankaimba vayolini mu okestra ya mumzindamo, gulu lalikulu lija la zoimbira zosiyanasiyana lotsogoleredwa ndi munthu wa kandodo. Malo ake anali mpando wakumbuyo kwenikweni, kumene oonerera amangoona nsonga ya uta ikukwera n'kutsika. Anamuphunzitsa ndi bambo ake omwewo, amene paunyamata wawo anali katswiri wa vayolini, matenda onjenjemeretsa manja asanawalande chida chawo n'kuwakhazika pampando.

Loweruka limenelo Makutu anabwera ndi mabatire atsopano a wailesi ya mdalayo.

"Mawa masana tikuulutsa konsati yonse, bambo," anatero akuika mabatirewo. "Mudzamva zonse muli pomwepa."

"Ndidzamva chiyani?" mdalayo anafunsa, manja atawabisa m'bulangete. "Ndidzamva chigulu. Mavayolini onsewo kulira pamodzi, kenako wina n'kudzandiuza kuti mwana wako analinso momwemo. Kandimverere adakanena za m'maluwa, mnyamata iwe. Mwana ameneyu uta ndinamugwiritsa ndine, koma chidwalireni sindinamumvepo yekha. Ngakhale kuyeserera m'nyumba muno anasiya, akuti amandisokosera."

Mzime anali pakhomo la kukhitchini. Anawerama n'kubwerera m'kati.

Azakhali ake, mlongo wawo wa mdalayo, amene ankayendetsa nyumbayo chimwalirireni mayi ake a Mzime, sanalole mwayi wotere kuwadutsa.

"Musadandaule achimwene, ine ndidzakhala kutsogolo kwenikweni. Adokotala atigulira matikiti." Anamuyang'ana Makutu kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Pali anthu olowera pakhomo lakutsogolo, ndiye pali ena okhala m'galimoto kuseri kwa holo ngati alonda. Aliyense ndi malo ake."

Dokotalayo anali mnyamata wosakwatira amene ankathandiza mdalayo pa matenda ake. Azakhali anali atamusankha kalekale kukhala mkamwini, kungoti mwiniwake wa ukwatiwo anali asanavomere.

* * *

Mzime anaperekeza Makutu mpaka pageti. Ali pomwepo foni yake inawala, ndipo Makutu, amene maso akenso sanali aulesi, anawerenga uthengawo mtsikanayo asanaubise. Unachokera kwa dokotala uja: "Usaiwale Lachiwiri, malo omwe aja. Usauze aliyense ngati sunakonzeke."

"Malo omwe aja ndi ati?"

"Si zimene ukuganizazo."

"Ndiye ndiuze zimene sindikuganizazo."

"Ndikhulupirire kaye. Konsati ikadutsa ndidzakuuza zonse, ndalonjeza."

"Mapanga awiri avumbwitsa, Mzime. Ngati azakhali ako apambana, ungondiuza, ndisamangotha nsapato."

Mtsikanayo anamuyang'ana ndi maso odzaza misozi, dzanja lamanzere ataliika m'thumba la juzi ngakhale kunja kunkatentha. Makutu anachoka osatsanzika bwino, mtima uli phuliphuli. Nsanje ndi mlangizi woipa, ndipo tsiku limenelo inamulangiza mokoma kwambiri. Dokotala angathe kugula matikiti a holo yonse, inatero, koma ndi iwe wekha amene ungatenge mawu a mwana n'kukawaika m'khutu la bambo ake.

* * *

Pa ntchito youlutsa okestra pali lamulo limene aliyense amalidziwa. Maikolofoni akuluakulu opachikidwa pamwamba ndiwo amatenga nyimbo yonse, monga momwe munthu wokhala m'holo amaimvera. Timaikolofoni tating'ono toimikidwa pafupi ndi oimba n'tongothira mchere, sitikwezedwa. Mavayolini amayenera kumveka ngati mawu amodzi, ndipo woimba wa mpando wakumbuyo ntchito yake ndi kusungunuka mwa anzake. Makutu ankalidziwa lamuloli kuposa wina aliyense, moti ndiye ankakalipira ena akaliphwanya.

Lamlungu m'mawa, oimba asanafike, anatenga kamaikolofoni kamodzi n'kukasendeza mpaka pamwamba pa mpando wa Mzime. Sanauze munthu.

Masana holo inadzaza. Iye anali m'galimoto ya wailesi kuseri, patsogolo pa makina osakanizira mawu, zala zili pa timabatani totsetsereka. Nyimbo zoyamba zinayenda bwino, malipenga akuwala, ng'oma zikugunda pachifuwa. Kenako inafika nyimbo yapang'onopang'ono, ya mavayolini okhaokha, ija imachititsa anthu kuiwala kutsokomola. Makutu anaona m'maganizo mwake mdala uja ali pawindo khutu lili pawailesi, ndipo anakankha kabatani ka Mzime m'mwamba.

Poyamba zinali monga analotera. Vayolini imodzi inatuluka m'gulumo, yofewa, yotentha, ngati munthu amene wayandikira kudzakunong'oneza. Makutu anamwetulira yekha.

Kenako mawuwo anagwedera. Anatsetsereka pang'ono kupita pansi, anabwerera, anagwederanso, n'kuduka. Patapita kamphindi anayambanso, opyapyala, ngati akuyenda pamatope.

Apa ndi pamene ntchito yake inamupereka. Munthu wa mawaya akamva mawu akuduka saganiza za woimba, amaganiza za waya. M'malo motsitsa kabatani kaja, Makutu anakakweza kwambiri kuti amve pamene pakuvuta. Anagwedeza pulagi, anayang'ana timagetsi, anagogoda makina. Zonse zinali bwino. Ndiye m'mahedifoni mwake munamveka china chimene waya sangachite: mpweya wa munthu amene akudziletsa kulira, ndi kamawu kotsika kakuti, "Chonde, dzanja iwe."

Anatsitsa kabataniko msanga, koma wailesi siili ngati chinthu chojambula chimene ungafufute. Zinali zitapita kale m'makhitchini, m'mamotoka ndi m'zipatala za dziko lonse.

* * *

Konsati itatha, anthu a m'holo anaimirira kuomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Makutu anawaona akutuluka, akupukuta maso, akuuzana kuti nyimbo ya mavayolini ija inali ngati pemphero. Palibe mmodzi wa iwo anamva cholakwika, chifukwa mavayolini enawo anali ataphimba zonse.

Koma kuwailesi mafoni anali atayamba kale kulira. Pulogalamu yotsatira inali ya maganizo a omvera, ndipo Makutu anaimvera ali m'galimoto momwemo akukulunga mawaya.

"Ine ndine woyendetsa takisi," anatero woyamba. "Ndinaima pambali kuganiza kuti lamba wa injini wayamba kulira. Kodi oimba anuwo mumawadyetsa?"

Wachiwiri anali mphunzitsi wa nyimbo, wolankhula ngati akugawa mapepala a mayeso. Anati mu okestra yolemekezeka simungakhale munthu wosatha kugwira nsambo, ndipo wotsogolera ayenera kusesa m'nyumba mwake.

Kenako anaimba bambo wina amene anali atangotuluka m'holo. "Anthu inu mukunama. Ine ndinali pomwepo, ndinalipira tikiti, panalibe vayolini yolira ngati chitseko. Gulani mawailesi abwino."

"Wailesi yanga ndi yabwino kuposa makutu anuwo," anayankha mayi wina wotsatira, ndipo woulutsa mawu anachita kuwaleretsa.

Anthu anakangana choncho, a m'holo ndi a kunyumba, aliyense akulumbira pa zimene anamva, ndipo onse ankanena zoona. Chakumapeto kunaimba mayi wachikulire wa mawu otopa. Anati ali m'chipatala kudikirira mwamuna wake.

"Ine za nyimbo sindizidziwa," anatero. "Koma mwana amene uja ndamumva. Akudwala kapena ali ndi chisoni. Amene mukumudziwa, pitani mukamugwire dzanja, musamuseke."

Makutu anazimitsa wailesi. Anakhala pansi m'galimotomo, mawaya ali pamiyendo, ndipo manyazi anamugwira kuposa tsiku lina lililonse la moyo wake.

* * *

Anamupeza Mzime m'kanjira ka kuseri kwa siteji, atakhala pabokosi la zida, vayolini ili m'chikwama chake pamiyendo. Anzake ankadutsa mwakachetechete osamuyang'ana. Chitseko cha ofesi ya wotsogolera okestra chinali chitangotsekedwa.

"Andiuza kuti ndipume kaye," anatero mtsikanayo osadzutsa mutu. "Mkazi wawo amamvera kunyumba, ndiye anawaimbira foni. Mpando wakumbuyo kumanzere, maikolofoni inali pamutu pa ndani, si nkhani yovuta kufufuza."

"Mzime, ine ndimafuna bambo akumve. Anadandaula dzulo, unawamva. Ndimafuna..."

"Mumafuna kuposa adokotala."

Makutu anadziwa kuti chinali choona. Ndipo mawu akuti "mumafuna" aja anamubaya, poti chiyambireni chibwenzi chawo Mzime anali asanamupatsepo ulemu wa mlendo.

Mtsikanayo anatulutsa dzanja lamanzere n'kulitambasula. Zala ziwiri zinkanjenjemera zokha, pang'onopang'ono, ngati masamba kukakhala kamphepo.

"Linayamba miyezi yapitayo. Bambo matenda awo anayambanso chonchi, zala zomwezi. Ndinapempha ndekha kukhala kumbuyo. Pamalo povuta ndimapeputsa uta, anzanga amandinyamula, palibe amadziwa. Lachiwiri lililonse ndimapita kuchipatala, adokotala amandipima. Malo omwe aja ndi amenewo. Ndimafuna ndimalize konsati imodzi yokha ngati munthu wabwinobwino, ndiye ndikuuzeni."

"Bwanji sunandiuze kale? Ine ndikanakusiya chifukwa cha dzanja?"

"Ndimaopa nkhope imene mwapangayo." Anapukuta misozi ndi dzanja lamanja. "Ndinabisala pakati pa anthu ambirimbiri, ndipo ndinabisala bwino. Munthu mmodzi yekha padziko lonse ndi amene akanatha kundivundukula, ndipo ndi amene ndimamukonda. Mwandivula pamaso pa anthu. Ndipo bambo amva."

Makutu anagwada kuti amugwire dzanja lija, koma kumapeto kwa kanjirako kunamveka nsapato za azakhali, dokotala ali pambuyo pawo atanyamula maluwa. Azakhali anali atamva kale nkhani yonse pafoni kuchokera kwa anzawo a kumpingo.

"Ndinanena ine," anatero, mawu ali pansi koma akuthwa. "Munthu wosewera ndi mawaya adzasewera ndi mwana wathu. Dzuka Mzime, tizipita."

Dokotala sananene chilichonse choipa, ndipo chimenecho n'chimene chinamuwawa kwambiri Makutu. Anangotenga chikwama cha vayolini n'kuchinyamula mosamala, ngati munthu amene anazolowera kale kutero.

* * *

Masiku otsatira anali owawa. Kuntchito anamuchotsa pa zoulutsa makonsati n'kumuika kojambula malonda a sopo. Mauthenga ake kwa Mzime ankafika, ankawerengedwa, koma sankayankhidwa. Analemba "pepa" m'njira zonse zimene munthu angalembere, mpaka mawuwo anatha mchere.

Lachinayi m'mawa foni yake inalira. Anali azakhali, mawu ali ouma.

"Achimwene akukufuna. Ubwere masana ano, Mzime asanabwere kuchokera kuchipatala. Usaganize kuti ndi ine ndakuitana."

Anawapeza mdalayo pamalo awo a pawindo, wailesi ili pambali yozimitsa. Ulendo uno manja sanawabise. Anali pamwamba pa bulangete, akunjenjemera poyera. Anauza mlongo wawo kuti awasiye awiri, ndipo azakhali anatuluka akung'ung'udza.

"Khala apa, pafupi. Mpando wa alendowo uli kutali."

Makutu anasendera. Anayamba kupepesa, koma mdalayo anapukusa mutu.

"Ndinamumva mwana wanga. Mizere yoyamba ija, asanagwedere, ndinamumva. Amakoka uta monga ndinamuphunzitsira, salimbana ndi nsambo, amaipempha. Zaka zonsezi ndimafuna chimenecho, ndipo wandipatsa ndiwe. Usaganize kuti sindikudziwa." Anapuma kaye, milomo ikugwedera. "Kenako ndinamva chala chikuterereka. Anthu onsewo amakangana za mawailesi awo, ine ndinadziwa nthawi yomweyo. Ndi mawu omwe ndinawamva pa vayolini yanga. Ndinalira ngati mwana, mlongo wanga kulibe, ndekha m'nyumba muno."

"Bambo, ine ndimukwatira ngakhale dzanja litafa lonse. Ndidzamusamala."

"Ndikudziwa. Vuto lake ndi limenelo."

Makutu anawayang'ana osamvetsa.

"Adokotala apeza malo kuchipatala china chachikulu, kunja, kutali kwambiri. Akuti matendawa akagwidwa msanga, dzanja limatha kupulumuka. Ine ndinachedwa, ukundiona. Chithandizo chake n'cha zaka, osati miyezi. Iwonso apeza ntchito komweko, ndiye adzamuyang'anira. Sindine mwana, ndikudziwa chimene adokotala akuyembekezera, ndipo mlongo wanga wayamba kale kusoka madiresi m'mutu mwake. Koma dzanja ndi dzanja."

"Ndiye apite, bambo. Ndidzamudikira."

"Wakana." Mdalayo anamuyang'ana m'maso koyamba chidziwirane. "Wakwiya nawe, sakuyankha mafoni ako, koma dzulo wandiuza pamaso kuti sapita kulikonse kokusiya iwe. Akuti akapita ndi adokotala, azakhali ake sadzamulola kubwerera ali mbeta, ndipo akunena zoona. Akuti bola dzanja life. Ndamukalipira, ndamuchonderera, mwana ameneyu anatengera mutu wanga. Ukanena kuti udzamudikira, sapita. Ukanena kuti mupite limodzi, ntchito yako ndi mapepala ako sizikulola, ndipo malowo sadikira munthu. Akufuna yankho sabata ino."

Makutu anamva mtima wake ukugunda m'makutu.

"Chaka chonse wakhala ukudikira kuti ndinene kuti ndalola," mdalayo anapitiriza, misozi ikutsika osaipukuta. "Lamlungu lija, mizere yoyamba ija ili m'kati, ndinalola. Mumtima mwanga ndinati mnyamata uyu ndi wake. Ndiye lero ndikukupempha chinthu chimene sindingapemphe munthu amene samukonda. Umuuze kuti sukumufunanso. Unene kuti sungakwatire mkazi wodwala. Unene moti akhulupirire, chifukwa mwana ameneyu amamva bodza ngati mmene iwe umamvera waya."

"Bambo, adzandida moyo wake wonse."

"Adzakuda akuimba."

Dzanja lonjenjemera lija linasuntha pabulangete mpaka linagwira la Makutu. Linali lozizira, lopepuka, ndipo silinkatha kufinya. Makutu analiyang'ana, n'kuona dzanja la Mzime mmene lidzakhalire zaka zikubwerazo. Anafuna kukana. Anafuna kunena kuti payenera kukhala njira ina, koma anaifunafuna m'mutu mwake osaipeza.

Kunja geti linalira. Panamveka mapazi pakhonde, kenako chitseko chinatseguka. Mzime anaima pakhomo, bandeji ili pamkono pamene anamutenga magazi. Anaona bambo ake akulira, anaona manja awiriwo atagwirana, ndipo nkhope yake, imene inali yotupa ndi kulira kwa masiku, inayamba kuwala pang'onopang'ono. Iye anaona chimene wakhala akupempherera chaka chonse.

"Bambo," anatero motsitsa, "mwalola?"

Mdalayo anatembenukira kuwindo. Mzime anayang'ana Makutu, akumwetulira ndi misozi, mkwiyo wonse utasungunuka.

"Ndiuze iweyo. Akuti chiyani bambo?"

Makutu anachotsa dzanja lake m'dzanja la mdalayo n'kuimirira. Mawu anawagwira bwino, monga munthu amene ntchito yake ndi kusalaza mawu kuti omvera asadziwe zimene zikuchitika kuseri.

"Tiye panja, Mzime," anatero. "Pali zimene ndakhala ndikuganiza chionereni dzanja lakolo."